Malipiro a loya ku New York: zomwe zimafika m'thumba ndi komwe ndinasankha kukhala

Achinyamata amene akumaliza maphunziro a zamalamulo ku America, ndi ena amene akulingalira zopita kumeneko, amandifunsa kawirikawiri ngati n'zoona kuti loya wongoyamba kumene ntchito ku New York amalandira $225,000 pachaka. N'zoona, ndipo ineyo ndinalandira ndalama imeneyi mu 2024. Koma aliyense wondifunsa ndimamupempha kuti asanayambe kusakasaka nyumba, akhale kaye pansi ndi cholembera, awerengere ndalama imene izidzalowadi mu akaunti yake mwezi ndi mwezi. Lendi imachokera pa ndalama imeneyo, ndipo ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi ija yolembedwa m'kalata yokulembani ntchito.

Makampani akuluakulu a maloya mumzindawu amalipira mofanana, potsatira ndondomeko imene anthu amaitcha Cravath scale, kutengera dzina la kampani ya Cravath, Swaine & Moore. Kampani imodzi ikakweza malipiro, zinazo zimatsatira msangamsanga poopa kuti ophunzira anzeru athamangira kwa mnzawo. Mu 2007 malipiro a woyamba kumene anafika $160,000, ndipo anaima pomwepo mpaka 2016 pamene anakwera kufika $180,000. Mu 2018 anafika $190,000, mu 2021 $205,000, mu 2022 $215,000. Ine ndinalowa ntchito chakumapeto kwa 2023 ndikulandira $215,000. Mu Novembala chaka chomwecho kampani ya Milbank inalengeza $225,000, ena n'kutsatira, ndipo pofika Januwale 2024 ifenso tinali titakwezeredwa. Pa malipirowa palibe zokambirana kapena kunenerera. Onse amene munamaliza sukulu chaka chimodzi mumalandira chimodzimodzi, ndipo mu 2024 chaka chachiwiri chinali $235,000, chachitatu $260,000, kumangokwera mpaka $435,000 chaka chachisanu ndi chitatu.

Ndinene msanga kuti maloya ambiri a ku New York salandira ndalama zimenezi. Oimira anthu osauka pa milandu, ogwira ntchito m'boma ndi a m'makampani ang'onoang'ono amalandira zochepa kwambiri. Zimene ndikufotokoza pano ndi za makampani akuluakulu okha, ngakhale kuti kawerengedwe kake kangathandize aliyense.

Mu 2024 sindinali pabanja, ndinalibe mwana, ndipo ndinkakhala mkati mwa mzinda. Boma lalikulu la America linayamba lapatula $14,600 imene silidulapo msonkho, yotsalayo n'kuidula m'magawomagawo. Gawo la pansi limadulidwa 10 peresenti, lotsatira 12, kenako 22, 24, mpaka 32 peresenti pa ndalama yopitirira $191,950. Ambiri amasokonezeka pamenepa, amaganiza kuti ukafika pa 32 ndiye kuti malipiro onse adulidwa 32 peresenti, pomwe ndi kagawo kapamwamba kokha. Magawo onsewa pamodzi anatenga pafupifupi $45,000. Kenako panabwera Social Security, yomwe ndi msonkho wa penshoni ya boma, 6.2 peresenti pa $168,600 yoyambirira, yomwe ndi $10,453. Medicare, inshuwalansi ya boma ya chipatala ya okalamba, inatenga 1.45 peresenti pa malipiro onse ndi 0.9 ina pa ndalama yopitirira $200,000, zonse pafupifupi $3,500. Chigawo cha New York State chinatenga $13,000 ndi kakuti. Mzinda wa New York nawo uli ndi msonkho wakewake umene umadula anthu okhalamo, kufika 3.876 peresenti, ndipo kwa ine unakwana pafupifupi $8,300.

Mukaphatikiza mupeza kuti misonkho yokha inadya ndalama yoposa $80,000. Yotsala inali pafupifupi $144,000, kapena kuti $12,000 pamwezi. Ndi ndalama yambiri ndithu, ndipo sindikufuna wina aganize kuti ndikudandaula. Kungoti munthu amene anagawa $225,000 pa miyezi 12 n'kupeza $18,750 wasemphana ndi zenizeni ndi madola oposa 6,000 mwezi uliwonse.

Apotu sitinathe. Pali ndalama ya penshoni imene munthu amadzisungira yekha mu akaunti yotchedwa 401(k). Mu 2024 lamulo linkalola kuikamo mpaka $23,000, ndipo ndinaika yonseyo. Kampani yathu sinkawonjezerapo kanthu, monga zilili m'makampani ambiri a maloya, komabe ndikulimbikitsa aliyense kuti aziika. Ndalama imeneyi imachotsedwa msonkho wa malipiro usanawerengedwe, choncho pa $23,000 imene ndinasunga, m'thumba munangochepa pafupifupi $14,000, inayo ikanapita ku msonkho. Mukachotsanso inshuwalansi ya chipatala, ndalama imene inkalowa ku banki inali pafupifupi $10,500 pamwezi.

Ndiye pali ngongole ya sukulu. Ophunzira ambiri amatuluka m'sukulu ya zamalamulo ali ndi ngongole yaikulu, ndipo inenso ndinali nayo. Boma linaimitsa kubweza ngongolezi kuyambira Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, koma kubweza kunayambiranso mu Okutobala 2023, nthawi yomwe ife tinkalowa ntchito. Ngongole ya boma ya ophunzira a maphunziro apamwamba yotchedwa Grad PLUS yotengedwa m'chaka cha sukulu cha 2022 mpaka 2023 inali ndi chiwongoladzanja cha 7.54 peresenti. Tiyerekeze kuti muli ndi ngongole ya $200,000 pa chiwongoladzanja cha 7 peresenti ndipo mukufuna kuimaliza m'zaka khumi. Muzibweza pafupifupi $2,300 pamwezi. Pa malipiro ngati awa, ngakhale kachikhululukiro ka msonkho kamene ena amapeza pa chiwongoladzanja cha ngongole ya sukulu inu sikakukhudzani, chifukwa mumalandira zopitirira malire. Munthu wotero watsala ndi $8,000 ndi pang'ono asanalipire nyumba, asanagule chakudya, asanathandize m'bale aliyense.

Zinthu ziwiri zimanyenga anthu m'chaka choyamba. China ndi ndalama imene imawonjezekera chakumapeto kwa chaka. Malipiro anu akangokwana malire a Social Security, kudula kuja kumaima. Kwa ine zinachitika kumapeto kwa Seputembala, ndipo kuyambira Okutobala ku banki kunkalowa madola pafupifupi 1,100 owonjezera mwezi uliwonse. Januwale itafika, kudula kunayambiranso. Ndinaona anzanga akusaina lendi yatsopano mu Novembala akuyang'ana ndalama ya miyezi itatu imeneyi ngati kuti ndiyo ya chaka chonse. Chinacho ndi bonasi. Ya chaka choyamba chathunthu inali $20,000, koma m'makampani ambiri imadalira ngati mwakwanitsa maola olipiritsa kasitomala amene kampani imafuna pachaka, ndipo misonkho ikadula imatsala yongopitirira pang'ono theka. Komanso pa bonasi kampani imakusungirani 22 peresenti yokha ya msonkho wa boma lalikulu, pomwe inu muli pa gawo la 32 kapena 35, ndiye kuti mu Epulo, nthawi yopereka mafomu a msonkho, mutha kupezeka kuti muli ndi ngongole ya msonkho. Ine bonasi sindiiwerengera pa ndalama ya nyumba mpang'ono pomwe.

Tsopano za nyumba, zomwe ndi zimene zandilembetsa nkhaniyi. Eninyumba ambiri ku New York amafuna kuti malipiro anu a pachaka, misonkho isanadulidwe, akhale ochuluka ka 40 kuposa lendi ya mwezi umodzi. Pa $225,000 ndiye kuti angakulandireni m'nyumba ya $5,625 pamwezi. Ejenti wa nyumba akamva komwe mumagwira ntchito amathamangira pa nambala imeneyi, n'kuyamba kukuonetsani nyumba za mtengo umenewo, zokongola, za m'mwamba, zokhala ndi mlonda pakhomo ndi malo ochitira masewera olimbitsa thupi. Koma nambalayi ndi yoteteza mwininyumba. Iye akungofuna kudziwa ngati mungathe kumulipira. Alibe nazo ntchito za ngongole yanu, penshoni yanu kapena tsiku limene mudzafune kusiya ntchito. Chotsani $5,625 pa $8,000 ija muone zimene zatsala kwa munthu amene aliyense akumuyesa wolemera.

Ine ndinadziikira malire akuti lendi isafike gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama imene imalowa ku banki. Ndi malire amenewo, kukhala ndekha pakati pa Manhattan kunali kosatheka pokhapokha ndikanalolera kachipinda kamodzi kothina. Choncho ndinagawana nyumba ya zipinda ziwiri ndi mnzanga wa kusukulu. Ena kuntchito ankadabwa kuti loya wolandira ndalama zotere akukhaliranji ndi mnzake. Sindinachite nazo manyazi, ndipo mpaka pano ndimaona kuti ndi chinthu chanzeru kwambiri chimene ndinachita m'chaka chimenecho.

Komabe musatengeke ndi kutsika mtengo kokha mpaka kukakhala kutali, chifukwa ntchitoyi imadya nthawi moopsa. Makampani ambiri amayembekezera maola pafupifupi 2,000 pachaka olipiritsa kasitomala, ndipo nthawi imalembedwa m'timagawo ta mphindi zisanu ndi imodzi. Maola amene mumakhala pa ntchito ndi ambiri kuposa pamenepo, popeza misonkhano ya mkati, maphunziro ndi kudikira mabwana kuti aone zimene mwalemba sizilowa m'chiwerengero. Ntchito ikathina mumaweruka pakati pa usiku, m'mawa n'kufunikanso muofesi. Kuyambira 2023 makampani ambiri anayamba kufuna kuti anthu azibwera masiku atatu kapena anayi pa sabata. N'zoona kuti mukachedwa kuweruka kampani imalipira galimoto yokutulani kunyumba, koma ulendo wa m'mawa ndi wanu, ndipo ola limene mwathera m'sitima mwalichotsa pa tulo. Kwa ine ulendo wa theka la ola kuchokera pakhomo kufika pa desiki, wosasintha sitima, ndiwo unali malire.

N'chifukwa chake ndimati yambani mwaona komwe kuli ofesi yanu ndi sitima zimene zimafika pamenepo. Makampani ambiri ali ku Midtown, m'misewu ya Sixth Avenue, Park Avenue ndi Lexington Avenue, ena anasamukira ku Hudson Yards, ena ali kumunsi ku Financial District. Yathu inali ku Midtown, ndiye ndinasankha Long Island City ku Queens, tsidya lina la mtsinje wa East River. Kuchokera pa siteshoni ya Vernon Boulevard–Jackson Avenue, sitima ya 7 ikangonyamuka imakaima pa Grand Central, n'kupitirira ku Times Square mpaka ku Hudson Yards. Amene akufuna kutsikirako mtengo amalowera mkati ku Astoria kapena Sunnyside. Amene amagwira ntchito kumunsi amakonda Brooklyn Heights, komwe sitima za 2 ndi 3 zimachoka pa Clark Street n'kukaima pa Wall Street. Ofuna kuyenda wapansi kupita kuntchito amakhala ku Hell's Kitchen kapena Murray Hill, ndipo amalipira zambiri pa malo ochepa. Galimoto musagule. Sitima za pansi zimayenda usana ndi usiku, ndipo mu 2024 ulendo umodzi unali $2.90.

Funso limene limautsa mkangano pakati pa maloya atsopano ndi la New Jersey. Msonkho wa mzinda uja umadulidwa kwa okhala m'madera onse asanu a New York, omwe ndi Manhattan, Brooklyn, Queens, Bronx ndi Staten Island. Munthu wogwira ntchito mumzinda koma akugona kunja salipira, chifukwa msonkho wa anthu otere unathetsedwa mu 1999. Ndiye mukawoloka mtsinje wa Hudson n'kukakhala ku Jersey City kapena Hoboken, $8,300 ija yatsala m'thumba mwanu, pafupifupi $700 pamwezi. Msonkho wa New York State mumalipirabe popeza ndalama mukuipezera kumeneko, ndipo New Jersey imakuchotserani zimene mwalipira kale tsidya linalo, kotero nthawi zambiri kwawoko kumatsala kochepa kapena kulibiretu. Chaka chilichonse mumalemba mafomu a zigawo ziwiri. Dziwaninso kuti masiku amene mwagwirira ntchito kunyumba ku New Jersey mwa kufuna kwanu, New York imawawerengabe ngati munali muofesi.

Kwa wogwira ntchito ku Financial District, ndimaona kuti Jersey City ndi yovuta kuikana. Sitima ya PATH ikachoka pa Exchange Place imakaima pa World Trade Center, ulendo wa mphindi zochepa chabe. Mnzanga wina anachita zimenezi ndipo ndalama imene anapulumutsa ankaiponya yonse ku ngongole. Kwa ine masamu anali ena. PATH ya ku Midtown imathera pa 33rd Street, ndiye ndikanafunika kukweranso sitima ina ndi kulipira kawiri, ndipo usiku ndi kumapeto kwa sabata PATH imayenda patalipatali. Ndinaona kuti $700 ija ndikanaigula ndi tulo, choncho ndinalolera kulipira msonkho wa mzinda. Wina atha kusankha mosiyana ndi ine ndipo sangalakwe. A pabanja ambiri amapita ku Westchester pa sitima ya Metro-North kapena ku Long Island pa sitima ya LIRR, komwenso kulibe msonkho wa mzinda wa New York, ngakhale kuti Yonkers ili ndi wakewake.

Chimodzi chokha ndikuchenjezeni mwamphamvu. Musayerekeze kulemba adiresi ya m'bale kapena mnzanu wa ku New Jersey pomwe mukugona ku Manhattan. Ndinamvapo anthu akulangizana zimenezi ngati nzeru. Ndi chinyengo pa msonkho, ndipo kwa loya chingakulanditseni chilolezo chimene munachivutikira zaka zonsezi.

Polowa m'nyumba pamafunika ndalama yambiri nthawi imodzi, malipiro oyamba asanabwere n'komwe. Lamulo la 2019 la New York State limati dipoziti isapitirire lendi ya mwezi umodzi, ndipo ndalama yofufuzira mbiri yanu isapitirire $20. Ku New Jersey dipoziti imatha kufika mwezi ndi theka. Nthawi imene ndinkafuna nyumba, wolowa ndiye ankalipira ejenti, kawirikawiri mpaka 15 peresenti ya lendi ya chaka chonse, ngakhale ejentiyo atatumidwa ndi mwininyumba. Ndinazemba zimenezi posankha nyumba yatsopano yokhala ndi ofesi yake yobwereketsa. Kuyambira Juni 2025 lamulo la FARE Act likuti amene watuma ejenti ndiye amulipire, choncho wina akakuuzani kuti mulipire ejenti amene simunamutume, funsani bwinobwino.

Nyumba zatsopanozi zilinso ndi msampha wake. Amalengeza mtengo umene awerengeramo kale mwezi waulere. Nyumba ya $4,200 yokhala ndi mwezi umodzi waulere amailemba kuti ndi ya $3,850. Chaka chikatha mwezi waulere uja kulibenso, ndipo akamakweza lendi amayambira pa $4,200. Funsani mtengo weniweni umene walembedwa mu mgwirizano, ndipo muwerengere pa umenewo.

Kwa inu ochokera kunja kwa America pali zina zowonjezera. Ine ndinali nditakhalitsa kale m'dzikomo, koma anzanga amene anabwera kudzachita LL.M., digiri yapamwamba ya zamalamulo ya chaka chimodzi, anavutika kupeza nyumba chifukwa analibe mbiri ya ngongole imene eninyumba amayang'ana. Mwininyumba amatha kufuna munthu wokusainirani, wokhala ku America, amene malipiro ake ndi ochuluka ka 80 kuposa lendi. Ngati mulibe munthu wotero, pali makampani amene amakuimirani mukawalipira, ndipo kalata yokulembani ntchito imathandiza kwambiri. Pa msonkho, wophunzira wa viza ya F-1 amene akugwira ntchito pa chilolezo cha OPT, chogwirira ntchito kwakanthawi akamaliza sukulu, ndipo sanakwanitse zaka zisanu m'dzikomo nthawi zambiri sadulidwa Social Security ndi Medicare. Ndalama yake imaoneka yambiri kuposa ya anzake, koma akangolowa pa viza ya ntchito ya H-1B, imene kawirikawiri imayamba pa 1 Okutobala, kudulako kumayamba. H-1B imachita kugwera mwa mayere, ndipo amene sinamugwere amayenera kuchoka, ena kampani n'kuwatumiza ku ofesi ya ku London kapena kwina. Amene ali nayo kale akachotsedwa ntchito amakhala ndi masiku osapitirira 60 oti apeze ina. Munthu wotere asasaine lendi ya zaka ziwiri chifukwa chokopeka ndi mwezi waulere, ndipo awerenge zimene mgwirizano ukunena ngati atafuna kutuluka nthawi isanakwane kapena kulowetsamo wina m'malo mwake.

Chimene chinandilimbitsa mtima pa malire a lendi aja ndi zimene ndinkaona mwa anthu amene anatitsogolera. Ochepa okha ndi amene amakhala pa kampani mpaka kukhala ma partner, kutanthauza eni ake a kampaniyo. Ambiri amachoka pakapita zaka zingapo, ena chifukwa chotopa, ena chifukwa ana abadwa, ena chifukwa ntchito yachepa ndipo auzidwa mwaulemu kuti ayambe kuyang'ana kwina. Amapita kukakhala maloya a kampani imodzi yamalonda, kapena m'boma, kapena m'makampani ang'onoang'ono, ndipo kawirikawiri malipiro amatsika. Mayi wina amene ankandiphunzitsa ntchito, munthu waluso ndi wokoma mtima, anapeza ntchito imene ankaifuna kuyambira kalekale koma anaikana. Anandiuza yekha kuti lendi yake ndi ngongole imene inali isanathe sizikanakwanira pa malipiro atsopanowo. Anakhalabe, ndipo ndinkaona mmene ankafikira m'mawa ali wolefuka. Zinandikhudza kwambiri, chifukwa ndalama zonse zimene analandira zaka zimenezo sizinamupatse ufulu wosankha ntchito.

Ndiye ndalama imene inkatsala chifukwa chogawana nyumba ndinayamba ndaisunga mpaka itakwana yokhalira miyezi isanu ndi umodzi popanda ntchito. Itakwana, yonse yotsatira ndinkaiponya ku ngongole ya chiwongoladzanja chachikulu, pamodzi ndi bonasi ndi ndalama yowonjezekera ya Okutobala mpaka Disembala ija.

Mu Januwale 2025 malipiro anakwera kufika $235,000. Pa $10,000 yowonjezerayo, msonkho wa boma lalikulu, Medicare, wa chigawo ndi wa mzinda zinatenga pafupifupi 45 peresenti, n'kutsala $460 pamwezi. Nditayang'ana nyumba za chipinda chimodzi m'dera lomwelo, ndinapeza kuti kukhala ndekha kukanafuna ndalama yoposa pamenepo kutalitali. Ine ndi mnzanga uja tinasainanso chaka china.